Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Lamlungu limene sitinkayenera kusewera

Zikomo nonse amene mwakhala mukulemba m'munsimu chitulutsireni gawo lapita lija. Ambiri mwafunsa chinthu chimodzi: bondo langa linawonongeka bwanji popanda wondigunda? Mayi a ku Chipoka aja afunsira mwana wawo amene wangoyamba kumene kusewera mpira wamiyendo. Mayi, gawo lino ndi lanu.

Mukukumbukira bonanza ya mu Okutobala ija. Tinasewera Loweruka masana, Lamlungu n'kulowanso m'bwalo, ndipo dzuwa la ku Salima mwezi umenewo mukulidziwa. Ndinkathamanga bwinobwino, kochi wathu n'kuona zokhazo. M'chigawo chachiwiri ndinalumphira mpira wam'mwamba, potera bondo lakumanzere linapindikira mkati ndipo ndinamva chinthu chikuti thu! Ndili gone pafumbi ndinkangoona nsapato za anzanga zitandizungulira, kwinaku mawu a kochi akuchokera kunja kuti ndidzuke, ndisiye kunyada. Achemwali ndi amene anandikweza pa kabaza, atagwira mwendowo m'manja njira yonse chifukwa bampu iliyonse ndinkakuwa. Kochiyo sanabwere kudzandiona. Inu amene munalemba kuti ndimukhululukire, ndinatero kale, koma sindibisa zimene zinachitika.

Zaka za ndodo, banja ndi geni ya usipa ku Senga Bay ndinazifotokoza kale.

Chimene chimapusitsa makochi n'chakuti liwiro limabwerera msanga, pakangopita maola ochepa. Mphamvu yolumpha, kutera ndi kutembenuka mwadzidzidzi imachedwa, imatha kutenga maola 72. Ululu wa minofu umafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 48. Minofu yakumbuyo kwa ntchafu ikatopa imachedwa kugwira bondo, katundu yense n'kutsikira pa mtsempha wamkati wotchedwa ACL, umene umaduka kawirikawiri kwa akazi kusiyana ndi amuna. N'chifukwa chake atsikana amene ndimathandiza akasewera Loweruka, Lamlungu amangoyenda kapena kupalasa njinga pang'onopang'ono, Lolemba timagwira mpira mopepuka, zolimba timayamba Lachiwiri. Okonza bonanza amandida nazo, koma timu yanga sisewera masiku awiri otsatizana.

Gemu ikatha, madzi ndiye oyamba. Mukapeza sikelo, muyezeni mtsikana asanalowe m'bwalo komanso atatuluka. Kilogalamu iliyonse imene yachoka imafuna lita imodzi ndi theka, yomwa pang'onopang'ono kwa maola angapo. Madzi okhaokha amangodutsa, chifukwa thukuta lachotsanso mchere. Sungunulani paketi ya Thanzi, kapena mu lita imodzi muike masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Popanda sikelo, mkodzo ndi umene umauza: ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti madzi sanakwane.

Chakudya chisadikire nsima yausiku. Maola 4 oyambirira ndi pamene minofu imabweza msanga mphamvu yake, ndipo imafuna pafupifupi galamu imodzi ya zakudya zopatsa mphamvu pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ola lililonse. Kwa mtsikana wa makilogalamu 55, nthochi ziwiri zikuluzikulu zikwanira ola loyamba, kenako thobwa, mbatata kapena mpunga wathu wa ku Lifuwu. Zomanga thupi zikhale magalamu 20 mpaka 25, kutanthauza mazira atatu ndi kapu ya mkaka, kapena usipa wouma wodzaza dzanja. Usiku agone maola 8, foni ili patali. Makolo, tsiku lotsatiralo mtolo wa nkhuni ndi ndowa zapamjigo apatsidweko ena.

Ena mwalemba kuti kusamba m'nyanja kumachotsa kutopa. Kumatsitsimula ndithu, koma madzi ozizira amene matimu akuluakulu amalowamo amakhala madigiri 10 mpaka 15, kwa mphindi 10 kapena 15, pamene nyanja yathu ndi yofunda. Ndiponso m'malo a bango muli likodzo, limene limatha magazi mwakachetechete. Akakolo kapena bondo likatupa, musathowe ndi madzi otentha kapena kusisita masiku awiri oyamba, kutupako kumangowonjezeka. Kulungani ayisi m'nsalu, muikepo mphindi 15, mwendo uli m'mwamba.

Chilipo china chimene makochi aamuna amachita nacho manyazi. Msambo umachotsa ayironi mwezi ndi mwezi, ndipo mtsikana wochepa magazi amapuma mwawefuwefu, amachita chizungulire, ena n'kumamunena kuti ndi waulesi. Chiwindi, usipa, nyemba ndi bonongwe zimathandiza, makamaka akadyera limodzi ndi ndimu, lalanje kapena malambe. Tiyi amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi, choncho asamwere pa chakudya. Msambo ukasiya miyezi itatu popanda mimba, nthawi zambiri thupi likulandira chakudya chochepa poyerekeza ndi ntchito yake, ndipo mafupa amayamba kufooka. Ameneyo apite kuchipatala, chimodzimodzi amene kutopa kwake kwapitirira masiku atatu kapena kwabwera ndi kutentha thupi, akayezetse malungo ndi magazi.

Chitengereni ma Scorchers, timu ya dziko lino ya mpira wa amayi, chikho cha COSAFA cha maiko a kum'mwera kwa Africa mu 2023, mtsikana aliyense kuno akufuna kukhala Temwa kapena Tabitha Chawinga, ndipo ine ndimasangalala nazo. Mayi a ku Chipoka, musamuletse mwanayo. Mungofunsa kochi wake kuti gemu yotsatira ili liti, ndipo akakuuzani kuti mawa, mumusunge pakhomo.