Chilombo cha Frankenstein chandimvetsa chisoni

Ndangomaliza kuonera filimu ya Frankenstein ya 1931 pa foni, magetsi atazima, ndipo m'malo mochita mantha ndagwidwa ndi chisoni. Boris Karloff, amene anasewera ngati chilombocho, ankakhala pampando pafupifupi maola anayi tsiku lililonse, Jack Pierce, katswiri wokonza maonekedwe a osewera mufilimu, akumumata thonje pamutu mpaka uoneke wophwatalala pamwamba. Kuti tsaya lilowe m'kati, Karloff ankachita kuvula mano ake oikirira. Nsapato nazo zinali zolemera ngati njerwa, mpake kuyenda modzikoka chonchija.

Chandiwawa n'chakuti poyambirira pa filimuyo dzina lake sanalilembe n'komwe. Anangoikapo chizindikiro cha funso basi! Munthu wavutika chonchi, abale? Kumapeto analilemba ndithu, koma ine sizinandisangalatse.