Lachitatu: Fomu 2 ndi kafukufuku wa maiko olankhula Chifalansa

Lero inali piriyodi yophatikiza, mphindi 80, ndipo magulu abweretsa zomwe apeza. Ophunzira 60 ali m'magulu 12 a anthu asanuasanu. Maiko adagawana pochita maere, timapepala m'katoni ya choko, chifukwa akasiyidwa kuti asankhe okha theka la kalasi limathamangira ku Paris ndi nsanja ya Eiffel. M'katonimo mudali Senegal, Côte d'Ivoire, Cameroon, DR Congo, Burundi, Madagascar, Morocco, Haiti, Belgium, Switzerland, chigawo cha Québec ku Canada, ndi France yemweyo.

Gulu lililonse lili ndi khadi la mafunso anayi: Chifalansa chidafika bwanji m'dzikolo, amachilankhula ndani ndipo pamalo ati, pali zilankhulo zina ziti, ndiponso chinthu chimodzi cha tsiku ndi tsiku, kaya chakudya, nyimbo kapena chikondwerero. Mfundo iliyonse ipezeke m'malo awiri isanakwere papepala la manila.

Funso lachiwirilo ndiye mtima wa ntchito yonse, ndipo ndi lomwe lagwetsa ambiri. A gulu la Senegal adalemba kuti anthu onse kumeneko amalankhula Chifalansa. Ayi ndithu. Chifalansa ndi cha boma, khoti ndi sukulu, koma pamsika ku Dakar malonda amayenda m'Chiwolof. Atafunsidwa kuti, "Ana inu, tomato pamsika mumagula m'Chingerezi?" kalasi yonse yaseka, ndipo nkhani yamveka pomwepo. A Haiti nawo abwerera kukawonjezera Chikiliyo (Creole ya ku Haiti), chomwe ndi chilankhulo cha boma limodzi ndi Chifalansa. A Morocco ayipeza okha mfundo yabwino: kumeneko Chifalansa chili ponseponse m'mabizinesi ndi m'maphunziro apamwamba, chonsecho zilankhulo za boma ndi Chiarabu ndi Tamazight.

Zolakwika zina ndi za chaka ndi chaka. Likulu la Côte d'Ivoire ndi Yamoussoukro kuyambira 1983, osati Abidjan, ngakhale Abidjan ndiye mzinda waukulu. A DR Congo adajambula mbendera ya Congo inayo, ya Brazzaville, ndipo pamapu akale a m'laibulale sadalipeze dziko lawo chifukwa pamenepo likadali Zaire, dzina lomwe lidachotsedwa mu 1997. Kusokoneza ma Congo awiriwa kumawononga yankho loyamba: Brazzaville idali pansi pa France, Kinshasa pansi pa Belgium mpaka pa 30 June 1960. N'chifukwa chake ku DR Congo mumamva septante ndi nonante powerenga 70 ndi 90 monga ku Brussels, likulu la Belgium, pomwe buku la m'kalasi lili ndi soixante-dix ndi quatre-vingt-dix. Magulu a Belgium ndi DR Congo ayikidwa moyandikana kuti afotokoze zimenezi limodzi.

Vuto lalikulu ndi foni. Magulu ena adalemba ndime yaitali m'Chingerezi, n'kuiponya mu Google Translate, n'kukopera. Chomwe chimatuluka ndi Chifalansa chooneka bwino papepala koma choti mwini wake sangachitchule. Kuwagwira n'kosavuta: mumatembenuza pepala, n'kufunsa tanthauzo la chiganizo chachitatu. Chete. Ndiye lamulo labwerezedwa pabolodi: ziganizo zisanu ndi zitatu zokha m'Chifalansa, zonse za nthawi ya tsopano, zomangidwa pa zomwe adaphunzira kale monga On parle, On mange, La capitale est. Zotsala afotokoze m'Chingerezi.

A Burundi apempha kukacheza ndi munthu wochokera kumeneko. Ndi maganizo abwino, pakuti Aburundi, Akongo ndi Anyarwanda alipo ambiri kuno, ku Dzaleka m'boma la Dowa ndi m'matauni. Koma apite ndi munthu wamkulu, apemphe kaye chilolezo, afunse za malonje, zakudya ndi sukulu, za nkhondo asakhudzeko. Asadabwenso akayankhidwa m'Chikirundi kapena m'Chiswahili. Zimenezonso alembe, ndi yankho la funso lachiwiri.

Malikisi ndi 20: mfundo zolondola 6, kulankhula Chifalansa 6, pepala la manila 4, kutengapo mbali kwa aliyense 4. Aliyense m'gulu anene chiganizo chimodzi kapena ziwiri, apo ayi wodziwa mmodzi amalankhula yekha anzake atangogwira pepala. Lachisanu abweretse ziganizo zawo kuti zichongedwe asanazilembe ndi inki. Kuonetsa kudzakhala pa 20 March, tsiku la Francophonie (lokondwerera maiko olankhula Chifalansa), mphindi zitatu gulu lililonse kenaka funso limodzi kuchokera kwa anzawo.