Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Chifukwa chake ndinkatola ndowe m'madambo

Zikomo nonse amene munalemba ndemanga pa gawo lapita lija, makamaka mayi a ku Machinjiri amene munati nkhani ya Amayi aang'ono inakusowetsani tulo. Ambiri mwafunsa kuti ndinasiyiranji ntchito ya m'sitolo ku Limbe n'kukayamba kutola ndowe. Abale ena mpaka lero amati mutu unandizungulira. Leroli ndiyankha.

Mukukumbukira kuti Amayi aang'ono anachotsedwa pamudzi chifukwa cha mbuzi za Malume. Timbuzi tinkaonda, mimba zili tuu, kenako n'kumafa kamodzikamodzi, ndipo m'zitosi zake munkapezeka tizidutswa toyera ngati mpunga wophika. Akuluakulu anakhala pansi nagamula kuti mpungawo pali munthu akuuika. Chala chinaloza mkazi wamasiye, wopanda mwana. Ine ndinali sitandade 6. Ndinaima pakhomo n'kumawaona akumanga mphika, mkeka ndi zitenje zawo. Sanadzikanire, sanatukwane munthu. Anangondigwira pamutu n'kunena kuti, "Mwanangu, uzidya, waonda." Amayi anga ankalirira kuseri kwa nkhokwe poopa mlongo wawo. Amayi aang'onowo palibe anawaperekeza, ngakhale kuwanyamulirako katundu mpaka pamsewu. Anakafera ku Chikwawa, ndipo uthenga unatipeza ataikidwa kale.

Zaka zinapita, ndinakwatira, ana anabadwa. Kenako aphunzitsi aja amene anandilipirira mayeso a MSCE anandiitana kuti ndiwathandize pa kafukufuku wawo wa nthata za m'ndowe. Malipiro anali ochepa kuposa a m'sitolo, koma munthu amene anakunyamula uli pansi sumukanira.

Tinkalawirira kumadambo a ku Lunzu ndi Chileka, kutsatira kumene ng'ombe ndi mbuzi zimadyera. Ndowe ndi dothi la pansi pake tinkaika pa sefa m'faneli, pamwamba n'kuyatsa babu. Kutentha kukafika, tizilombo timathawira pansi n'kugwera m'botolo la mankhwala. Njirayi anaiyamba ndi Antonio Berlese wa ku Italy. Pa maikulosikopu ndinaona zimene sindinkaganizira n'komwe. Nthata ndi abale a nkhupakupa ndi akangaude, yaikulu imakhala ndi miyendo 8, ndipo mitundu yodziwika padziko lapansi imaposa 40,000. Ndowe za kumtunda zinkauma msanga, chiswe n'kuzimaliza, pomwe za m'dambo zinkakhala zonyowa nthawi yaitali, ndipo n'zimene zinkatidzazira mabotolo. Nthata za mtundu wa Macrocheles ndinazikonda. Zilibe mapiko, ndiye zimakakamira pa zikumbu ndi ntchentche kuti zifike pa ndowe zatsopano, n'kumadya mazira a ntchentche zomwezo. Alimi amene mumawerenga pano, dziwani kuti mankhwala a ivermectin, opha njoka zam'mimba mwa ziweto, amatuluka ndi ndowe ndipo amavulaza tizilombo tothandiza timeneti, choncho musamangobaya chibayebaye osafunsa alangizi.

Tsiku lina aphunzitsi anandionetsa kanthata kozungulira, ka chigoba cholimba, ka gulu la oribatid. Anati timeneti timakhala m'dothi ndi m'udzu wonyowa. Timadya mazira a njoka yam'mimba yotchedwa Moniezia amene agwa ndi zitosi, njokayo imayamba kukulira m'kati mwa kanthatako, mbuzi n'kukameza pamodzi ndi udzu. Ikakhwima m'matumbo, zidutswa zake zoyera zimatuluka ndi zitosi, ndipo zimaoneka kwambiri mwa ana a mbuzi ndi nkhosa. Anandionetsa chithunzi m'buku. Ndinachizindikira nthawi yomweyo. Miyendo inandifooka, ndinatuluka panja n'kukhala pa simenti, ndipo ndinalira mokweza, bambo wa ana, anthu akudutsa. Mbuzi za Malume zinkamangidwa m'dambo dzinja lonse. Mkazi uja anasenza mphika wake yekha chifukwa cha kachilombo kosakwana ndi milimita imodzi.

Ndinapita kumudzi kukawafotokozera Amayi. Anamvetsera mpaka kumapeto, nati, "Bola ndamva ndisanafe."

Malume, ndikudziwa kuti ana anu amakuwerengerani zimene ndimalemba. Pamaliro paja munanena pagulu kuti sukulu yanga yathera pa kununkha ndowe. Ndowe zomwezo ndi zimene zinayeretsa dzina la mlongo wanu. Manda awo ali ku Chikwawa, njira ndikuidziwa, ndipo ya minibasi ndikulipirirani ndine.