Mang'ina a ku Joni

Inu amene mwayamba kale kunditchula "Cow Paws" pa WhatsApp, imvani kaye mbali yanga.

Abwana anga ku Randburg ali ndi galu. M'mawa uliwonse madamu amamuuza kuti "give paw", iye n'kukweza phazi. Ine ndinangoti basi, phazi la nyama m'Chingerezi ndi paw. Kwathu phazi ndi phazi, kaya la mwana kaya la fisi.

Loweruka nkhuli ya mang'ina inandigwira. Ndinalowa m'butchala ndili mashasha, n'kunena kuti, "Two kilos cow paws." Mtsikana wa pakauntala anandilozera kogulitsa zipatso, ati ndikufuna pawpaw, mapapaya. Ndinabwereza pang'onopang'ono ngati mphunzitsi wa sitandade 1, koma ayi ndithu.

Chimene chinandilowa kenako sindikuchidziwa, abale anga. Ndinakweza dzanja, n'kulipinda ngati galu wa abwana uja, n'kulira kuti "mooo". Mzere wonse unangoti zii. Dzanja lili m'mwamba. Agogo ena anakumbatira chikwama chawo. Ine poganiza kuti koyamba sikunamveke bwino, ndinaliranso, ulendo uno mokoka, ngati ng'ombe ya ku Ngabu yomwe yalandidwa mwana. Dzanja likadali m'mwamba, bambo wa ana atatu.

Mnyamata wodula nyama anasuzumira akupukuta misozi. "Baba, ufuna amanqina?" Amanqina! Mawu amene ndinabadwa nawo, kungowonjezera kakuphulika kwa lilime ka Azulu. Ndinavutikiranji ndi Chingerezi?

Usiku ndinafufuza pafoni, mtima ukuwawa. Paw ndi ya nyama za zikhadabo, galu, mphaka, mkango. Chiboda cha ng'ombe amati hoof. Chabwino, ndavomera. Komatu mawuwa eni akewo anachita kubwereka ku Chifalansa chakale, poue, cha m'ma 1300, ndipo ndi pachibale ndi Pfote ya Chijeremani komanso poot ya Chidatchi. Mabunu a konkuno poot yomweyo amatchulira phazi la galu, la ng'ombe, ngakhale la nkhumba. Ndiye ndinaphonya patali bwanji? Ndipo Amereka akamatumiza zipalapasiro ku China amalemba pamakatoni kuti "chicken paws". Nkhuku ikhale ndi paw, ng'ombe yathunthu imanidwe? Amene anakonza chilankhulo chimenechi anali ndi kaduka.

Mang'inawo ndinagula, ndinatsuka bwinobwino n'kuteleka. Asanafike n'potentha pomwe, magetsi anazima. Ndinagonera buledi.