Sabata ya mapale a mwaye

Ntchito yanga ndi yolumikiza mapale a zoumba zakale m'nyumba ina yosungiramo zofukulidwa ku Athens. Anzanga amalimbirana mitsuko yojambulidwa milungu. Ine sabata ino anandipatsa mabokosi a mapale okhakhala, dongo lake lodzaza mchenga, omwe alendo sawayang'ana n'komwe.

Lolemba ndi Lachiwiri ndinangokhalira kusankha. Phale la chytra, mphika wophikira wa Agiriki akale, limada kunja, kumatako kwake. La mbaula limada m'kati, momwe munkakhala makala. Mwayewo sititsuka, chifukwa ndi umene umatiuza pomwe moto unkafika.

Lachitatu ndinatola kamutu ka mwamuna wa ndevu zazitali, wovala chisoti chosongoka. Si fano ayi. Mbaula za zaka za m'ma 100 BC zinali ndi tsinde lalitali, pamwamba pake beseni lobowola kuti mpweya uzikolezera makala, ndipo m'mphepete mwake timitu titatu toyang'ana m'kati. Ndevu zotuluka zija ndi zomwe zinkachirikiza mphika, monga mafuwa athu. Zambiri zotere zinapezeka pachilumba cha Delos, zina zili ndi dzina la Hekataios, yemwe akuganiziridwa kuti ndiye ankaziumba. Woumbayo anali wanthabwala ndithu, kuika munthu pamoto kuti azisenza mphika ndi ndevu tsiku ndi tsiku.

Lachinayi tinatsutsana ndi mnzanga wojambula mapulani a nyumba zofukulidwa. Iye amafuna chipinda china alembepo kuti khitchini, poti nyumba iliyonse iyenera kukhala nayo. Ndinamuonetsa kaundula: mapale a mbaulayi anatoledwa pabwalo la pakati pa nyumba. Ngakhale ku Olynthus, mzinda womwe mfumu Philip II ya ku Makedoniya inauwononga mu 348 BC, nyumba zambiri zinalibe malo okhazikika osonkherapo moto. Kukatentha ankaphikira pabwalo utsi uzipita kumwamba, kukazizira n'kulowetsa mbaula m'nyumba, kuphika komweko n'kuwotha komweko. Makala a anthu a ku Athens ankachokera kumadera ngati Acharnai, komwe ootcha makala ake mlembi wa masewero Aristophanes anawaika m'sewero lake la mu 425 BC. Mnzanga uja anafufuta mawuwo monyinyirika.

Lachisanu ndinamata beseni lija ndi guluu wa Paraloid B-72 wosungunula m'mankhwala a acetone, n'kuimika mapale mumchenga kuti aume osapendekeka. Timitu tiwiri tagwira bwino. Kachitatu kalibe pogwira, phale lapakati likusowa, choncho Lolemba ndiyamba ndi bokosi la mapale omwe anawasakaniza ndi a matailosi a denga.