Kope langa la Chizungu: sabata ino ndili pa "veer off"

Kope lija likudzadza pang'onopang'ono anzanga, sabata ino ndakakamira pa mawu a kupatuka, makamaka "veer off" ndi "deviate from", poti ambiri amangowasakaniza ngati ndi amodzi pomwe ayi ndithu.

"Veer off" ndi ya chinthu chimene chili paliwiro kenako mwadzidzidzi chakhotera kumbali, nthawi zambiri mwiniwake asakufuna. Tangoganizani minibasi ikutsetsereka ku Chowe kuchokera ku Namwera, makona aja, mabuleki akana, mawa lake munyuzi alemba kuti "the minibus veered off the road". Kapena asodzi a pa Makawa ali pakati panyanja usiku mwera wawuka, nyali zikungovina, woyendetsa akulimbana ndi injini koma boti likupita kwina, apo ndiye "the boat veered off course". Chandikomera kwambiri nchakuti mawuwa ndi apanyanja kuyambira kale, amalinyero amati mphepo ikuchita "veer" ikamatembenuka motsata mmene muvi wa wotchi umayendera, ikatembenukira kwinako amati ikuchita "back". Ife a kunyanja mawu ngati amenewa tisamawaphonye.

"Deviate" ndi ya muofesi, ndipo imayenda ndi "from", osati "off". Inachokera ku Chilatini komwe via ndi msewu, koma masiku ano imakwanira bwino pa zimene munagwirizana kale, pulani, malamulo, bajeti. Pa banki mkhonde wina akafuna ngongole yodumpha mlingo, mlembi atha kulemba "we cannot deviate from the rules". Nkhani ikasochera pamsonkhano amati "stray from the topic", imeneyo njosavuta.

Pomwe pakufunika maso ndi pa "branch" yathu ija. Kuuza wakabaza kuti abranche pa Mpondasi palibe vuto, tonse timamvana, koma mwana wa Fomu 4 akalemba choncho pa kompozishoni ya MSCE ataya malikisi zachisoni. Kukhota mwadala pamphambano ndi "turn off", mwachitsanzo "we turned off the main road at Mpondasi". Akalemba "veered off" pamenepo wowerenga aziganiza kuti munagwera mudzenje.

Ziganizo zonsezi ndazilemba ndi bolopeni yofiira kumapeto kwa kope, madzulo ndikumaziwerengera mng'ono wanga mokweza iye nkumapanga zake. Sabata yamawa ndilowa pa "drift" ndi "wander off", amene muli ndi ziganizo zochokera munyuzi nditumizireni.