Zomwe ndaphunzira ku Mua: zigoba, nyimbo ndi eni ake

Teremu ino, m'phunziro lathu la kasungidwe ka chikhalidwe, aphunzitsi anatipatsa ntchito yoti aliyense asankhe nyumba yosungiramo zinthu zakale yomwe ili kutali ndi mizinda ikuluikulu, n'kufufuza zomwe imachita pamodzi ndi anthu oyandikana nayo. Anzanga ambiri anasankha ya ku Karonga, yomwe inatsegulidwa mu 2004 ndipo imadziwika ndi mafupa a chinyama chachikulu chamakedzana chotchedwa Malawisaurus. Ine mtima unali ku Mua, ku Kungoni Centre of Culture and Art, chifukwa zomwe zimasungidwa kumeneko ndi zinthu zomwe ndinakula nazo, zina ndikuziopa.

Mua ili m'boma la Dedza, koma osati kumtunda kozizira kuja. Ili m'munsi mwa mapiri, mbali ya kunyanja, m'dera la Inkosi Kachindamoto, ndipo umapatuka pamsewu wa M5 cha ku Mtakataka. Ansembe a chipani cha White Fathers anakhazikitsa mishoniyi mu 1902. Pali tchalitchi, chipatala komanso sukulu ya ana osamva. Kungoni inayamba mu 1976, ndipo anaiyambitsa ndi Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada yemwe anafika m'dziko muno mu 1967. Anapatsidwa mfunda wa Chisale, ndipo ambiri amangowatchula kuti Achisale.

Ndisanapite ndinawerenga mbiri ya malowa, ndipo inandidabwitsa. Mua ndi amodzi mwa malo omwe mpingo ndi gule wamkulu zinalimbanirana koopsa, makamaka m'zaka za m'ma 1920. Chomwe ankakanganirana ndi ana. Ansembe ankafuna anyamata kusukulu ndi ku katekisimu, akuluakulu a m'mudzi ankawafuna kudambwe, ndipo mnyamata wopita kumodzi ankaoneka ngati wataya kwinako. Mkhristu wopezeka kugule ankalangidwa ndi mpingo. Agule nawo sanangokhala chete. Anayankha ndi zilombo zawo: Maliya, Yosefe, ndi Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, onse otengedwa ku zomwe anthu ankaona ndi kumva kumishoni. Maganizo a mpingo anayamba kusintha pambuyo pa msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, womwe unalimbikitsa kuti uthenga uzilankhulidwa m'chiyankhulo ndi m'chikhalidwe cha eni dziko. Choncho pabwalo lomwelo pomwe nyau inkatchedwa yachikunja, lero pali zigoba zoposa 400 zosungidwa mwaulemu. Sindikuona ngati zimenezi zikufufuta zomwe zinachitika kale, komabe munthu ukamalowa m'chipinda chimenecho ukudziwa mbiriyi umayenda mosiyana.

Chomwe ndinakhalirapo kwambiri m'lipoti langa ndi dongosolo la momwe zinthu zinayambira. Kungoni sinayambe ndi nyumba yoonetseramo zinthu. Inayamba ndi anthu osema, kagulu ka amuna a m'midzi yoyandikira omwe ankaphunzira ndi kuphunzitsana luso, n'kumapeza kangachepe kodyetsera mabanja. Nyumba ya Chamare, yomwe dzina lake likukumbutsa wansembe wakale wa pamishonipo, Bambo Champmartin, inadzatsegulidwa patapita zaka zoposa 20. M'mabuku athu ambiri nkhani imayenda mosemphana: boma kapena bungwe limanga nyumba, liika zinthu m'magalasi, kenako n'kuyamba kudzifunsa kuti anthu a m'mudzi tiwakope bwanji. Ku Mua anthu analipo kale, ali pantchito, nyumba n'kudzawapeza.

Ndinakhala nthawi yaitali pomwe amasemera. Bambo wina wachikulire anali atapanira chipika pakati pa mapazi, akuchisadza ndi kasemasema. Sanajambulepo kalikonse ndi pensulo. Ankamenya, n'kutembenuza chipikacho, n'kumenyanso, tizibenthu tikugwera pamiyendo. Kenako anatenga tchizulo chaching'ono n'kuyamba kutulutsa mutu wa mwana pamsana pa mayi, pomwe mfundo ya chitenje imadzera pachifuwa. Pambali pake panali mnyamata yemwe ntchito yake inali yokhula chosema china ndi sandipepa, ndipo nthawi ndi nthawi bamboyo ankachilanda, n'kuchisisita ndi chala chachikulu, n'kumubwezera osanena kanthu. Mnyamatayo ankadziwa kuti sichinafike.

Ndinawafunsa kuti, "Bambo, mumadziwa bwanji poyambira?"

"Mtengo umanena wokha, mwanawe," anatero. "Pomwe pali mfundo sungaikepo nkhope. Ing'aluka."

Zosema za ku Mua zili m'matchalitchi ambiri m'dziko muno, ndipo zinafika mpaka ku Munich, ku Germany, m'kachisi wa bungwe la Chikatolika la Missio. Yesu, Maria ndi atumwi amasemedwa ndi nkhope zathu, m'zovala zathu, pakati pa mitondo, mabwato ndi nkhokwe. Koma vuto lomwe aliyense wosema m'Malawi muno akulidziwa ndi la mitengo. Phingo, mlombwa ndi mbawa zimatenga zaka zambirimbiri kuti zikule, ndipo nkhalango zikutha ndi makala ndi minda. Pulogalamu ya zaluso yomwe siganizira zodzala mitengo ikudzidulira yokha nthambi yomwe yakhalapo.

Nyumba ya Chamare ili ndi zipinda zitatu. Choyamba chimafotokoza mbiri ya mishoni ndi kukumana kwa mpingo ndi miyambo ya anthu, chachiwiri ndi cha Achewa, chachitatu ndi cha Angoni ndi Ayao. Kunja, makoma anajambulidwa zithunzi za mbiri ya dziko lino. Sindikhalitsa pa zonsezi. Chipinda cha Achewa ndicho chinandigwira.

Mumayambira pa chiyambi penipeni, nthano ya ku Kaphirintiwa: Chauta, anthu ndi nyama kutsika pamodzi ndi mvula, mapazi awo kudindika pathanthwe lofewa, onse kukhala mwamtendere mpaka tsiku lomwe munthu anapeka moto n'kuyatsa tchire. Nyama zinathawa, galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Ukaimva nthanoyi kaye, gule amamveka mwina. Pabwalo, pa kanthawi kochepa ka maliro, chinamwali kapena kulonga mfumu, anthu, nyama ndi mizimu zimakumananso. Kenako umakweza maso, ndipo zonse zili pomwepo: Chadzunda, tate wa zilombo, wa nkhope yakuda ndi yamakwinya, Kasiyamaliro wa nyanga zake, mayi wa onse, yemwe amaperekeza wakufa, Mbiyazodooka, Kapoli wa nthenga, ndi zina zambiri zomwe sindinazionepo kwathu.

Apa m'pomwe phunziro langa lenileni linali. Chigoba chopachikidwa chili chete, pomwe gule ali ndi mawu. Chilombo chilichonse chili ndi nyimbo yake, kavinidwe kake ndi mwambo womwe chabwera kudzapereka. China chimadzudzula mwamuna waulesi wodya za apongozi, china mkazi wamiseche, china mfumu yokondera pamilandu. Nyimboyo amaivomera ndi amayi, akuomba m'manja m'mbali mwa bwalo, ndipo woimba ng'oma ya mbalule amatsata mapazi a chilombo, mpanje ndi gunda zikugwira pansi. Ukachotsa amayi aja, ng'oma ndi fumbi, chotsala ndi mtengo wopakidwa utoto, nthenga ndi sanza. Ntchito yaikulu ya Achisale ndi anzawo a m'midzi inali yolemba nyimbo ndi matanthauzo a chilombo chilichonse kwa zaka zambiri, ndipo zina mwa izi zinatuluka m'buku mu 2012. Ine ndikuona kuti ntchito imeneyi ndi yolemera kuposa zigoba zenizenizo, chifukwa chigoba chikafumbwa wina akhoza kusema china, koma nkhalamba yodziwa nyimbo ikapita osaisiyira munthu, basi yapita nayo.

Pali nkhani ina yomwe sindikufuna kuilambalala. Gule ali ndi chinsinsi. Kwathu mwana wosameta sayandikira kudambwe, ndipo za komwe zilombo zimachokera sitikamba pagulu. Tsono kodi n'koyenera kuti zigoba ziikidwe poyera, pomwe mwana wasukulu, mayi kapena mlendo wochokera ku Ulaya akhoza kuziyang'anitsitsa mmene angafunire? Nditabwerako ndinawafunsa amalume anga, omwe ndi munthu wa kudambwe. Anakhala kaye chete, kenako anati, "Iwe, waona chiyani kumeneko? Waona nkhope. Mwambo sunauone." Sanakondwere nazo kwenikweni, koma sanaonenso ngati chinsinsi chaululika. Akuluakulu ena salola n'komwe, ndipo ndikuwamvetsa. Kwa iwo chilombo si chinthu choti munthu n'kuima patsogolo pake manja ali m'thumba.

Maganizo anga ndi akuti funsoli silingayankhidwe ndi wophunzira ngati ine, kapena ndi woyang'anira nyumba yosungiramo zakale, ngakhale atakhala ndi madigiri angati. Oyankha ndi eni mzinda: mafumu, akunjira, atsabwalo ndi anamkungwi. Achisale anachita kulowa gule, ndipo anakhala pakati pa anthuwa zaka zochuluka. Chilolezo cha mtundu umenewu sichipezeka ndi kalata yochokera ku ofesi. Ndiponso si chilolezo chopempha kamodzi n'kutha. Mafumu amasintha, mibadwo imasintha, ndipo omwe anavomera dzana si omwe ali pampando lero.

Za magule ovinira alendo ndili ndi mitima iwiri. Ku Kungoni kuli gulu la ovina, ndipo chaka ndi chaka kumakhala tsiku lachikhalidwe pomwe magule a Achewa, Angoni ndi Ayao amavinidwa pabwalo limodzi, anthu a m'midzi yozungulira atadzaza. Ubwino wake ndi woonekeratu. Mnyamata amaphunzira kugwira chishango ndi kuponda ngoma ya Angoni, mtsikana amaphunzira nyimbo za chisamba, ndipo ovina amapezapo ndalama ya sopo ndi fizi. Palibe chochititsa manyazi pamenepo, pakuti kusupa wovina ndi mwambo wathu wakalekale. Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi zomwe ndaona m'malo ena ogona alendo ndi pamisonkhano ina, pomwe gule amaitanidwa kuti avine mphindi khumi anthu akudya, popanda wofotokoza nyimbo, popanda maliro kapena chinamwali chomwe wabwerera. Gule wotere amazolowera kuvinira kamera. Zilombo zodumpha kwambiri ndi zoopsa maonekedwe zimachuluka, zija zoyenda pang'onopang'ono zonyamula mwambo wolemera zimayamba kusowa, chifukwa sizikoka m'manja. Malo ngati Mua ali ndi mwayi woletsa zimenezi, popeza wofotokoza alipo ndipo oonera ambiri ndi eni ake, omwe amadziwa nyimbo ikalakwika.

M'kalasi tinaphunzira kuti UNESCO inalengeza gule wamkulu kukhala chuma cha dziko lonse lapansi mu 2005, m'dzina la Malawi, Zambia ndi Mozambique, n'kumulowetsa m'kaundula wake mu 2008. Zojambula za m'mapanga a Chongoni, m'boma lomwelo la Dedza, zinalowa m'ndandanda wa malo otetezedwa mu 2006, ndipo zina mwa izo ndi za nyau ndi chinamwali. Tinaphunziranso kuti mu 2022, pamsonkhano wa ku Prague, bungwe la ICOM, loona za nyumba zosungiramo zakale padziko lonse, linasintha tanthauzo la nyumba yosungiramo zakale, n'kuikamo mfundo yoti izigwira ntchito pamodzi ndi anthu a m'madera. Izi n'zabwino kuzidziwa, ndipo pamayeso zidzafunsidwa. Koma gule sanadikire satifiketi. Chaka chilichonse mu Ogasiti Achewa a m'maiko atatuwa amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, pamwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo zilombo zatsopano zikubadwabe m'midzi, zina zonena za matenda a masiku ano, zina za ndale, zina za galimoto ndi ndege. Nyumba yosungiramo zakale yomwe yasiya kulankhula ndi midzi imatsala ndi gule wa zaka zomwe inasiyira kutolera.

Kumapeto kwa lipoti anatiuza kuti tilembe pulogalamu imodzi yomwe tingayambitse titapatsidwa mpata. Yanga ndi ya nyimbo za amayi. Zambiri zomwe zimalembedwa za gule zimatsata amuna, zigoba ndi ng'oma, pomwe theka la bwalo ndi amayi ovomera nyimbo, ndipo anamkungwi ndi omwe amasunga malangizo a chinamwali. Ndalemba kuti atsikana a kusekondale za m'derali, mfumu ndi anamkungwi atavomera, azikhala pansi ndi agogo awo n'kujambula pa foni nyimbo zomwe zimaimbidwa poyera, zosinjira pamtondo, zamaliro ndi zapabwalo, agogowo akufotokoza okha tanthauzo. Zakutsimba zisakhudzidwe pokhapokha eni ake atanena. Zojambulidwazo zisungidwe kuwiri, ku nyumba yosungiramo zakale ndi kwa mfumu, kuti mudzi usamachite kupempha zinthu zake zomwe. Aphunzitsi andibwezera pepalalo ndi funso limodzi lofiira m'mphepete, loti ndani adzalipire agogowo nthawi yawo, ndipo sabata ino ndikuwerengera bajeti yake.